Mng'ono wanga akuti saopa matenda, amangonyansidwa: kodi amenewa ndi matenda a OCD?

Nachisale, Zingwangwa

Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa za matenda a m'maganizo, komanso kwa aliyense amene zoterezi zinamuonekerapo pakhomo pake. Ndimakhala ndi mng'ono wanga wa zaka 22, amene anabwera kwathu kuno atalemba mayeso a Fomu 4. Kuyambira ali mwana anali waukhondo kutiposa tonse, moti amayi ankamutchula iye akamatidzudzula enafe, koma chiyambire nthawi ya kolera ija ukhondo wakewo wasanduka chinthu chomulanda mtendere, ndipo nafenso tikusowa pogwira.

Zinakula pamene tinapeza khoswe atafera m'ndowa yosungira madzi. Madziwo tinataya, ndowayo ndinaitsuka ndi sopo, ndinathiramo madzi owira, kenako ndinaisiya ndi Jik usiku wonse. Iye anakana kuigwiritsanso ntchito, ndipo pamenepo sindinamuone cholakwa chifukwa nanenso mtima sunkafuna. Chodabwitsa n'chakuti patapita masiku anayamba kulambalala pakona pamene ndowayo inkakhala, kenako anasiya kugwira mopu imene inakolopa pakonapo, kenako masilipasi a mwana wanga amene anaponda pamene mopuyo inadutsa. Lero mwanayo akangolowa kuchipinda kwa amayi ake aang'onowo atavala masilipasi amenewo, zofunda zonse zimatuluka kukachapidwa ngakhale sanazikhudze. Ndowa ija tinapatsa anthu ena kalekale, koma zinthu zimene iye amati n'zodetsedwa zikungochuluka.

Kasambidwe kake ka m'manja nakonso kali ndi dongosolo lake. Mpopi amatsegula ndi chigongono, amayamba watsuka sopo weniweniyo, kenako amasamba chala chimodzichimodzi mpaka kukafika m'zigongono, ndipo dontho la madzi likadumpha kuchokera pansi n'kumugwera amayambiranso poyamba. Manja ake auma, ang'aluka m'mfundo za zala ndipo nthawi zina amatuluka magazi. Akatsika minibasi yochokera ku Limbe amafikira kuvula zovala n'kuzimangira m'jumbo, ndipo chenji salandira pamanja, amangotsegula kachikwama kuti kondakitala amuponyeremo. Ntchito imene ankaphunzira kwa telala wina anaisiya chifukwa makasitomala ambiri amabweretsa zovala za kaunjika kuti azichepetse.

Chimene chandichititsa kulemba ndi yankho lake. Nditamukhazika pansi n'kumufotokozera kuti majeremusi sangapulumuke m'madzi owira ndi Jik, anandiyankha kuti: "Achemwali, zimenezo ndikuzidziwa, ndipo sindikuopa kuti ndidwala. Kungoti ndikakhudza zinthu zimenezi ndimamva kuti china chake chandimatirira pakhungu, nseru imandigwira, ndipo sindingakhazikike mpaka chitachoka." Zimene ndawerenga zokhudza OCD, matenda a m'maganizo amene munthu amavutika ndi maganizo osachoka n'kumachita zinthu mobwerezabwereza, zimakamba kwambiri za mantha ndi nkhawa, pomwe mng'ono wangayu sakuoneka wamantha, amangonyansidwa. Kodi kunyansidwa pakokha kungamufikitse munthu pamenepa? Nanga ife amene tamugulira ndowa yakeyake, sopo wakewake ndi mbale zakezake kuti m'nyumba mukhale bata, tikumuthandiza kapena tikumuwonjezera vuto?

Wazachipatala, Chichiri

Anachisale, pepani ndi zimene zakugwerani. Ndimagwira ntchito yothandiza odwala matenda a m'maganizo, ndipo ndiyambe ndanena kuti munthu sapimidwa kudzera m'zolemba za m'bale wake. Amene angatsimikize ndi wachipatala amene wakhala naye pansi mng'ono wanuyo. Komabe zimene mwafotokoza zikugwirizana kwambiri ndi mtundu wa OCD umene munthu amavutika ndi kumva kuti wadetsedwa, ndipo pafupifupi theka la odwala OCD amakhala ndi vuto lotere. Matendawa amagwira anthu pafupifupi 2 pa 100 alionse pa moyo wawo, ndipo kawirikawiri amayamba munthu asanakwanitse zaka 25, choncho msinkhu wa mng'ono wanu si wachilendo.

Funso lanu loyamba yankho lake ndi inde. Kwa zaka zambiri OCD inkaikidwa m'gulu la matenda a nkhawa, mpaka mu 2013 pamene buku la madokotala a ku America lotchedwa DSM-5 linaipatsa gulu lakelake pa zifukwa zingapo, ndipo nthawi yonseyo anthu ankaganiza kuti aliyense wosamba mobwerezabwereza akuthawa matenda. Odwala ena amaterodi: amakuuzani kuti akapanda kusamba adwala, kapena apatsira mwana wawo matenda. Koma pali enanso ambiri amene ukawafunsa kuti chichitike n'chiyani akapanda kusamba amayankha kuti palibe chimene chichitike, kungoti sangapirire mmene akumvera. Chimene amenewa akuthawa ndi kunyansidwa kwenikweniko.

Mantha ndi kunyansidwa sizigwira ntchito mofanana. Mantha amatiuza kuti tithawe chinthu chimene chingatipweteke, ndipo chikachoka nawonso amatha. Kunyansidwa kumatiletsa kulowetsa chinthu m'thupi, n'chifukwa chake kumaonekera pamphuno yokwinyika, mlomo wam'mwamba wokwezeka ndi nseru, monga mmene Charles Darwin anafotokozera mu 1872. Vuto lake n'lakuti kuli ndi malamulo ake amene samva zofotokozera. Mu 1986 Paul Rozin ndi anzake a ku University of Pennsylvania anaviika mphemvu yakufa, imene inali itaphedwa majeremusi onse, m'kapu ya juwisi n'kuichotsa anthu akuona, ndipo anthuwo sanafunenso kumwa ngakhale ankadziwa kuti mulibe choopsa. Anawapatsanso chokoleti chabwinobwino choumbidwa mofanana ndi chimbudzi cha galu, ndipo nacho anachikana. Anthuwa sanali odwala ayi. M'mutu mwa munthu aliyense, chinthu chikakhudzana ndi nyansi kamodzi chimaoneka kuti chatengera mpaka kale, ndipo ndi lamulo lomweli limene linakuchititsani inuyo kusafuna ndowa ija mutaitsuka ndi manja anu.

Kusiyana kwa inu ndi mng'ono wanu kuli pa kutalika kwa mtunda umene nyansiyo imayenda. Mu 2004 David Tolin ndi anzake ku Connecticut anapempha anthu kuti aloze chinthu chonyansa kwambiri m'nyumba imene munkachitikira kafukufuku wawo. Anatenga pensulo yatsopano n'kuikhudzitsa chinthucho, yachiwiri anaikhudzitsa yoyamba, yachitatu anaikhudzitsa yachiwiri, mpaka mapensulo anakwana 12. Anthu opanda OCD, kuphatikizapo amene anali ndi matenda ena a nkhawa, pofika kumapensulo omalizira ankati palibenso chodetsedwa. Odwala OCD ankaonabe kuti pensulo yomaliza yasunga kudetsedwa koposa theka la kuja kwa yoyamba. Mukaika ndowa, kona, mopu, masilipasi ndi zofunda pamzere, muona kuti n'zimene zikuchitika m'nyumba mwanu: kwa inu nyansi inathera pandowa, kwa iye imadumphira chinthu chotsatira osachepa mphamvu.

N'chifukwa chake phunziro lanu la majeremusi silinathandize, ngakhale linali loona. Munayankha funso limene iye sanafunse. Ndipo chimene chimasunga matendawa ndi kusamba komweko, chifukwa kumachepetsa nyansi kwa mphindi zochepa, mpumulo umenewo n'kuphunzitsa ubongo kuti njira yopulumukira ndi sopo yekha. Zili ngati kukanda mphere: kumakoma nthawi imene ukukanda, koma kuyabwa kumabweranso kwakukulu ndipo zilonda zimafalikira. Munthu amene amasamba nyansi ikangoyamba sapeza mwayi woona kuti ikanazilala yokha akanadikira.

Za ndowa, sopo ndi mbale zakezake, ndikuuzeni mosabisa kuti zimabweretsa bata la lero koma zimakulitsa vuto la mawa. Mabanja ambiri a odwala OCD amachita zomwezo chifukwa cha chifundo, ndipo kafukufuku waonetsa mobwerezabwereza kuti pamene banja likutsatira kwambiri malamulo a wodwala, matenda amakhala aakulu ndipo chithandizo chimavuta kugwira. Koma musakamulande zinthuzo mawa m'mawa. Zimachotsedwa chimodzichimodzi, mogwirizana ndi iye mwini komanso wachipatala amene akumuthandiza.

Mphunzitsi wopuma, Ndirande

Ndawerenga zimene alemba adokotala ndipo sindikutsutsa maphunziro awo, koma ine monga munthu wachikulire ndili ndi nkhawa ina. Mumzinda uno kunyansidwa kwapulumutsa anthu ambiri. Kolera imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 inadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno n'kupha oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Miyezi iwiri yokha itadutsa, namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba ndi zimbudzi ku Chilobwe, kuno ku Ndirande ndi madera ena. Tayifodi nayo ndi mlendo wakale mumzinda uno, moti katemera wake anayesedwa pa ana a kuno ku Ndirande ndi kwanu ku Zingwangwa asanaperekedwe m'dziko lonse mu 2023. Ife tinatha zaka tikuimika ana pa mpondagiya akamachokera kuchimbudzi, ndiye ndikamva kuti mtsikana wokonda kusamba m'manja aphunzitsidwe kusasamba, mtima wanga umakayika. Malire ake ali pati?

Chinanso n'chakuti makolo athu anali ndi malamulo awo okhudza kudetsedwa kumene maso sakuona. Pochokera kumanda timasamba m'manja tonse, ngakhale amene sanakhudze bokosi kapena dothi. Mayi amene ali kumwezi sankathira mchere m'ndiwo poopa mdulo. Palibe amene ankati agogo athu akudwala. Kodi sitikutenga khalidwe limene kwathu kuno linali laulemu n'kulipatsa dzina la matenda chifukwa chakuti linalembedwa choncho m'mabuku a kunja? Ndikufunsa kuti ndiphunzire, osati kuti ndichepetse mavuto a banjali, chifukwa nkhani ya manja otuluka magazi nanenso yandimvetsa chisoni.

M'bale wa ku Mpingwe

Achemwali a ku Zingwangwa, ine ndine mmodzi wa anthu amene akukambidwa pano, ndipo mawu a mng'ono wanu aja akuti china chake chamumatirira pakhungu ndi amene nanenso ndinkanena.

Ndine Msilamu, ndipo kwa ine zinayambira pa wudhu, kutsuka ziwalo kumene timachita tisanapemphere. Chiphunzitso chimati chiwalo chitsukidwe osapitirira katatu, koma ndikamaliza ndinkamva kuti madzi a pansi andidumphira pabuluku, ndiye ndinkayambiranso. Anzanga ankamaliza swala ine ndikadali pampopi wa pamzikiti, manja a malaya atanyowa mpaka m'mapewa. Shehe wathu ataona anandiitana n'kundiuza kuti zimenezi ndi waswasi, chikaiko chosatha chimene chimanong'oneza munthu mumtima, kuti akuluakulu a chipembedzo anazidziwa kalekale, ndipo kuti lamulo lake n'lakuti chikaiko sichifafaniza chinthu chimene unali utatsimikiza. Anandilamula kuti ndizitsuka katatu n'kuchokapo ngakhale mtima ukukana, ndipo ndi iye yemwe anandiuza kuti ndipitenso kuchipatala. Aphunzitsi a ku Ndirande aone pamenepa kuti ngakhale osunga mwambo amasiyanitsa mwambo ndi matenda.

Pali china chimene ndinkachita nacho manyazi kuuza anthu, ndipo mwina mng'ono wanu nayenso sanakuuzeni. Nthawi zina ndinkamva kuti ndadetsedwa osakhudza kanthu kalikonse. Ganizo loipa likangodutsa m'mutu, kapena ndikakumana panjira ndi munthu wina amene anandichititsa manyazi pagulu, ndinkafika kunyumba n'kukasamba thupi lonse, koma nyansiyo inali m'kati mmene sopo safika. Wachipatala anandiuza kuti zimenezi n'zodziwika, kuti katswiri wina dzina lake Stanley Rachman anazifotokoza bwino mu 2004, ndipo kungomva kuti zinalembedwapo kunandipeputsa mtima.

Chithandizo chake sichinali chokoma. Tinalemba zinthu zimene zimandinyansa kuyambira zazing'ono mpaka zazikulu, ndipo tinayamba ndi ndalama yapepala yakale, ija yofewa ndi yakuda chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Ndinaigwira, ndinapukutira manjawo pamalaya, kenako ndinakhala pampando osasamba. Malovu anadzaza m'kamwa, zala ndinazitambasula kuti zisakhudzane, ndipo maso anga anali pasinki imene inali pakona. Kugunda kwa mtima kunatsika msanga, koma nyansi inakhalabe, ndipo ulendo wotsatira inabweranso pafupifupi yonse. Apa m'pamene anthu ambiri amathawira poganiza kuti chithandizo chakanika. Inayamba kuchepa nditabwereza kunyumba tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali. Anandipatsanso mankhwala a fluoxetine, amene masabata oyamba ndinkaona ngati sakuchita kanthu. Lero ndimagulitsa m'golosale ndipo ndimapereka chenji tsiku lonse. Ndalama yakuda imandinyansabe pang'ono, koma sindinyamuka kupita kumpopi chifukwa cha iyo.

Pempho langa n'lakuti musamuuze kuti akuchitira dala kapena kuti ndi matama, chifukwa iyenso watopa nazo kuposa inu. Komanso muchenjere ndi mafunso obwerezabwereza. Ine ndinkafunsa akazi anga kuti, "Kodi thumba lija linakhudza pansi?" ndipo akayankha kuti ayi ndinkafunsanso patapita kanthawi. Kufunsako kunali kusamba kwa mtundu wina. Wachipatala anawalangiza kuti aziyankha kamodzi kokha, ndipo ndikabwereza azinena mwaulemu kuti ayankha kale.

Wophunzira za maganizo a anthu, Chitawira

Aphunzitsi, funso lanu la malire ndi limene akatswiri nawonso amalimbana nalo, ndipo gawo loyamba la mfundo yanu sayansi ikulivomereza. Mu 2004 Val Curtis ndi anzake a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine anaonetsa zithunzi kwa anthu oposa 40,000 kudzera pa intaneti, ndipo anapeza kuti zithunzi zosonyeza zinthu zimene zingafalitse matenda, monga mafinya ndi zilonda, zinkanyansa anthu kuposa zithunzi zofanana nazo zopanda chizindikiro cha matenda. Kunyansidwa ndi chitetezo, ndipo palibe wachipatala wanzeru amene angafune kukuchotsa mumzinda umene kolera imabwera ndi mvula.

Koma ukhondo umene munkaphunzitsa uli ndi poyambira ndi pothera: kusamba ndi sopo masekondi pafupifupi 20 pochokera kuchimbudzi, musanadye, musanakonze chakudya ndi mukasintha mwana thewera. Wa mng'ono wa Anachisale ulibe pothera, ndipo sukumutetezanso. Khungu long'aluka limasunga majeremusi ambiri kuposa losalala, komanso ndi khomo lolowera matenda. Madokotala amayamba kutchula OCD pamene maganizo ndi zochitazo zikudya nthawi yoposa ola limodzi pa tsiku, kapena zikumuzunza munthu ndi kumulepheretsa ntchito ndi kukhala ndi anzake, ndipo mtsikanayu ntchito wasiya kale.

Za miyambo, mwaloza chinthu choona, chifukwa lamulo lija lakuti chokhudzana ndi chodetsa chimatengera likupezeka m'miyambo ya mitundu yambiri, ndipo Rozin analitenga kwa akatswiri amene anaphunzira miyambo yotere. Kusiyana kwake n'kwakuti kusamba pochokera kumanda n'kwa mudzi wonse, aliyense amadziwa kuti kumachitika kamodzi, ndipo kukatha munthu amabwerera pakati pa anzake n'kudya nawo nsima ya pamaliro. Malamulo a wodwala OCD ndi a iye yekha, amawonjezeka mwezi ndi mwezi, amamupatula kwa abale ake, ndipo iye mwini amawaona kuti ndi opanda nzeru koma amalephera kuwasiya.

Ndiwonjezere chenjezo kuti tisaganize kuti kunyansidwa ndiye gwero lokhalo la OCD. Kumagwirizana kwambiri ndi mtundu wa kusambawu, koma munthu amene amabwerera kasanu kukaona ngati wakiya chitseko nthawi zambiri amavutitsidwa ndi chikaiko ndi kuopa kulakwa, osati nyansi. Anthu oopa akangaude kapena magazi nawonso amanyansidwa msanga popanda kukhala ndi OCD, ndipo matendawa amayendanso m'magazi a banja. Akatswiri a ku Netherlands mu 2006 anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ndikuona kuti n'zothandiza pano: kufulumira kunyansidwa, ndi kulephera kupirira pamene wanyansidwa. Azakhali anga amanyansidwa ndi chilichonse, amalavula n'kupitiriza ntchito yawo. Wodwala amatenga kunyansidwako ngati chinthu choopsa chofunika kuchichotsa nthawi yomweyo. Ojambula ubongo anapezanso kuti kachigawo kotchedwa insula, kamene kamagwira ntchito tikamva fungo kapena kukoma konyansa, kamatakataka kwambiri mwa odwala OCD akaonetsedwa zithunzi zonyansa, monga mmene kafukufuku wa ku Florida anaonetsera mu 2003. Kolera ndi khoswe uja sizinalenge matendawa mwa mtsikanayu, chifukwa ambiri tinaona zomwezo osadwala, koma zinawapatsa pogwira.

Pamene mukunena zoona kotheratu, Aphunzitsi, ndi pakuti kafukufuku wambiri anachitika ku Ulaya ndi ku America, nthawi zambiri pa ophunzira a m'mayunivesite, pomwe zimene zimanyansa munthu zimadalira kumene anakulira. Mbewa ndi ngumbi kwa ife ndi ndiwo, pomwe ena akangoziona amatembenuza nkhope. Choncho muyeso wa chithandizo uyenera kukhala zimene amachita munthu wosamala wa mu Blantyre muno, amene amathira mankhwala m'madzi akumwa ndi kusamba asanadye, osati zimene amachita munthu wa ku London.

Nachisale, Zingwangwa

Zikomo nonse, makamaka achimwene a ku Mpingwe, chifukwa za mafunso obwerezabwerezazo zikuchitikanso kwathu, ndipo ine ndi bambo a kunyumba takhala tikuyankha nthawi iliyonse. Ndamuwerengera mng'ono wanga nkhani ya mapensulo ija ndipo anavomera kuti ndi mmene amamvera. Koma nditatchula za chipatala anakwiya n'kunena kuti iye si wamisala, ndipo kuti tikufuna kumutumiza ku Zomba. Adokotala, ndimuyambe bwanji? Komanso popeza akuti nyansi imachedwa kutha, tiyembekezere kuti chithandizo chitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo Jik amene amasambira m'manja timusiyire kaye?

Wazachipatala, Chichiri

Anachisale, Jik yekhayo musadikire naye, chifukwa amawotcha khungu ndipo pa manja ong'aluka akhoza kuyambitsa zilonda zazikulu. Kambiranani lero kuti Jik akhale wokolopera ndi wochapira basi, m'manja azisamba ndi sopo wamba, ndipo akamaliza azidzola Vaseline. Manja omwewo ndiwo khomo labwino lolowera kuchipatala: mumuuze kuti mupite limodzi akaone zilondazo, ndipo musamubisire kuti mukafotokozanso za kusambako. Yambani kuchipatala chaching'ono cha kwanuko mutatenga buku lake la kuchipatala, ndipo mupemphe kuonana ndi namwino kapena dokotala wa matenda a m'maganizo. Ngati pakufunika akakutumizani ku Gulupu, kumene kuli kiliniki ya matenda amenewa. Mumutsimikizire kuti OCD si misala, kuti munthu wake amadziwa bwino chimene chili choona, ndipo kuti odwala ambiri amathandizidwa akuchokera kunyumba osagonekedwa. Akalowa, mumusiye alankhule yekha ndi wachipatala kwa kanthawi, chifukwa kumva kudetsedwa m'kati kumene afotokoza achimwene a ku Mpingwe nthawi zina kumatsatira nkhanza zimene munthu anachitiridwa, ndipo zoterozo sangazinene mchemwali wake ali pomwepo.

Njira imene achimwenewo anadutsamo, yokhudza chonyansa pang'onopang'ono osasamba, imatchedwa ERP, ndipo anaiyamba Victor Meyer ku London mu 1966. Kawirikawiri pamakhala maulendo 12 mpaka 20 okumana ndi wachipatala, koma ntchito yaikulu imachitikira kunyumba pakati pa maulendowo. Ofufuza angapo, kuphatikizapo Bunmi Olatunji wa ku Vanderbilt University, anapeza kuti pa njira imeneyi kunyansidwa kumatsika mochedwa kuposa mantha, choncho kwa munthu ngati mng'ono wanu pamafunika kubwereza kwambiri ndiponso m'malo osiyanasiyana. Rozin uja mu 2008 anayeza ophunzira udokotala asanayambe ndi atamaliza miyezi ingapo yophunzira pa matupi a anthu akufa, ndipo anapeza kuti kunyansidwa kwawo ndi mitembo kunachepa, koma kunyansidwa ndi zinthu zina kunakhala chimodzimodzi. Tanthauzo lake kwa inu n'lakuti akazolowera masilipasi musadabwe kuona kuti chenji cha m'minibasi chikumuvutabe. Chimenecho chidzafuna nthawi yakeyake, ndipo zovala za kaunjika nazonso chimodzimodzi. Palibe wachipatala amene adzamuuze kumwa madzi osathira mankhwala kapena kudya osasamba pochokera kuchimbudzi.

Mankhwala monga fluoxetine kapena clomipramine amathandiza ambiri, koma pa OCD amafuna masabata 8 mpaka 12 kuti phindu lake lionekere bwino, ndipo mlingo wake amaukweza ndi dokotala yekha. Asawasiye pakati chifukwa choona ngati sakugwira. Pomaliza, OCD nthawi zambiri imabwera limodzi ndi matenda a kukhumudwa, makamaka munthu akasiya ntchito n'kumangokhala m'nyumba. Mukamumva akunena kuti watopa ndi moyo, kapena mukaona kuti wasiya kudya ndi kumwa poopa mbale ndi makapu, musadikire tsiku la kiliniki, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.